Blood and Fire: Kampani ya ku Manchester Yomwe Inafukula Nyimbo za Kingston

Munthu amene ankalowa m'sitolo yogulitsa nyimbo ku London kapena ku Manchester kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ankaona kusiyana kwakukulu pakati pa mashelefu awiri. Pashelefu ya jazz, zimbale zakale za Miles Davis ndi John Coltrane zinali zitatulutsidwanso pa CD mwaulemu wake: mawu omveka bwino, kabuku kofotokoza tsiku limene nyimbo inajambulidwa, situdiyo yake, komanso dzina la aliyense amene anagwira chida. Pashelefu ya reggae zinthu zinali zomvetsa chisoni. Ukachotsapo Bob Marley ndi ena ochepa amene anali m'manja mwa makampani akuluakulu, ma CD ambiri anali ongokopedwa kuchokera ku zimbale zokalikakalika, zikuto zosindikizidwa mwachisawawa, mayina a nyimbo olakwika. Nthawi zambiri mwini nyimbo sankadziwa n'komwe kuti thukuta lake likugulitsidwa kutsidya kwa nyanja.

Mu 1993 anthu asanu a ku England anamanga mfundo imodzi, yakuti nyimbo za ku Jamaica za m'zaka za m'ma 1970 zikuyenera ulemu womwewo umene jazz inkalandira. Kampani imene anayambitsa, Blood and Fire, inagwira ntchito zaka 14 zokha ndipo inatulutsa zimbale pafupifupi 50. Inali ya anthu owerengeka, ndipo ofesi yake inali m'nyumba ya Ducie House mumzinda wa Manchester. Komabe inasintha mmene dziko limasamalira chamba cha reggae, ndipo mbiri yake imatiphunzitsa mmene nyimbo imasowera ndiponso zimene zimafunika kuti ipezekenso.

Nyimbo zopangidwira dansi ya mawa

Ku Kingston nyimbo zinkayambira ku sound system, mulu wa masipika akuluakulu amene ankaunjikidwa pabwalo kapena pamsewu usiku wa dansi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, eni masipikawa, monga Coxsone Dodd, Duke Reid ndipo kenaka Prince Buster, ankalimbirana anthu ovina. Wopambana anali amene ali ndi nyimbo yoti mnzake alibe. N'chifukwa chake ena ankachita kupala dzina la nyimbo pachimbale kuti akazitape a mnzawo asaliwerenge. Chizolowezi chobisa mayina chinayambira pomwepo.

Pofika m'ma 1970, ntchito inkayenda motere. Pulodyusa ankalipira situdiyo kwa maola angapo n'kuitana oimba zida, amene ankalipidwa pa nyimbo iliyonse tsiku lomwelo, basi nkhani yatha. Woimba mawu naye kawirikawiri ankalandira kangachepe kamodzi kokha. Nyimboyo inkadindidwa pa kachimbale kakang'ono ka mainchesi 7, nthawi zina makope mazana ochepa chabe, pansi pa dzina la kakampani koti mwina katulutsa nyimbo zitatu n'kuzimirira. Kuseri kwa kachimbaleko kunkakhala version, nyimbo yomweyo koma yopanda mawu a woimba. Riddim imodzi, kutanthauza kaimbidwe ka besi ndi ng'oma, inkatha kubereka nyimbo khumi kapena kuposa, aliyense akuimbapo zake.

Palibe amene ankaganiza zoti nyimbozi zidzafunidwa patapita zaka 20. Matepi anali okwera mtengo, ndiye ena ankafufutidwa kuti ajambulirepo zatsopano. Ena ankawonongeka ndi kutentha ndi chinyontho. Mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973, pulasitiki yopangira zimbale inavuta kupeza, ndipo mafakitale ankasungunula zimbale zakale n'kudindirapo zatsopano, zomwe zinkachititsa kuti chimbale chizithetheka chikadali chatsopano. Situdiyo ya pulodyusa Lee Perry, yotchedwa Black Ark, inapsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1985 nyimbo ya Wayne Smith yotchedwa Under Mi Sleng Teng, imene riddim yake inachokera m'kakiyibodi ka Casio, inatsegulira njira nyimbo za pakompyuta, ndipo makutu a achinyamata a ku Jamaica anatembenukira kumeneko. Mu February 1989 King Tubby, katswiri wamkulu wa dub, anawomberedwa kunja kwa nyumba yake ku Duhaney Park. Lamulo lamakono loteteza umwini wa nyimbo linayamba kugwira ntchito ku Jamaica mu 1993, chaka chomwecho chimene Blood and Fire inabadwa. Chuma cha zaka khumi chinali chitamwazikira m'makatoni, m'magalaja ndi m'mitu ya anthu okalamba.

Anthu asanu

Amene ankadziwa kumene chumacho chagona anali Steve Barrow, wa ku London. Iye anali atagulitsapo zimbale za reggae m'sitolo m'zaka za m'ma 1970, kenaka n'kugwira ntchito yosankha ndi kusanja nyimbo zakale ku kampani ya Trojan. Mu 1993 kampani ya Island inatulutsa bokosi la ma CD anayi lotchedwa Tougher Than Tough, lofotokoza mbiri ya nyimbo za ku Jamaica, ndipo amene anasanja bokosilo anali Barrow. Pambuyo pake, mu 1997, analemba buku la The Rough Guide to Reggae pamodzi ndi Peter Dalton. Anali munthu woti akamva kachimbale kopanda dzina amatha kuzindikira situdiyo yake ndi woimba ng'oma wake.

Anayi enawo anali a ku Manchester. Mick Hucknall, woimba wa gulu la Simply Red, anali atapeza bwino ndi zimbale monga Stars cha mu 1991, ndipo anali wokonda reggae kuyambira ali mnyamata. Elliot Rashman ndi Andy Dodd anali mamanijala a gululo. Bob Harding, amene kale ankaimba m'gulu la nyimbo zanthabwala la Alberto y Lost Trios Paranoias, ndiye ankayendetsa ofesi tsiku ndi tsiku. Pambuyo pake kunabweranso Dom Sotgiu. Mutu umodzi susenza denga: Barrow anali ndi chidziwitso, Hucknall ndi anzake anali ndi ndalama komanso ankadziwa mmene malonda a nyimbo amayendera, Harding anali ndi khama lotsatira makalata, mapangano ndi maakaunti. Dzina la kampani analitenga ku nyimbo ya Niney, wodziwikanso kuti Winston Holness, imene inagwedeza Jamaica mu 1971.

Zimbale zoyamba

Chimbale choyamba chinatuluka mu 1994 chili ndi nambala BAFCD 001, ndipo dzina lake linali If Deejay Was Your Trade. Kusankha kumeneku kunasonyezeratu maganizo a kampaniyi. Akanafuna ndalama zamsanga akanayamba ndi nyimbo zachikondi za woimba wodziwika. Iwo anayamba ndi ma deejay. Ku Jamaica, munthu amene amasankha ndi kuika zimbale pa dansi amatchedwa selector, pomwe deejay ndi amene amagwira maikolofoni n'kumalakatula pamwamba pa riddim. Pachimbalechi panali I-Roy, Dillinger, Prince Jazzbo, Jah Stitch, Tapper Zukie, Dr Alimantado ndi ena, m'nyimbo za pulodyusa Bunny Lee za pakati pa 1974 ndi 1977, zosakanizidwa m'situdiyo ya King Tubby.

Tubby, dzina lake lenileni Osbourne Ruddock, ndiye anakhala mzati wa zimbale zambiri za Blood and Fire. Ntchito yake yoyamba inali yokonza mawailesi ndi zokuzira mawu. M'kanyumba ka pa 18 Dromilly Avenue, m'dera la Waterhouse, anaikamo makina osakanizira mawu amene anagula ku situdiyo ya Dynamic Sounds. Mapulodyusa ankabwera ndi matepi ojambulidwa kwina, iye n'kuwaphwasula. Ankachotsa mawu a woimba n'kusiya besi ndi ng'oma zokha, kenaka n'kubweza liwu limodzi kapena kulira kumodzi kwa lipenga, n'kukusiya kukubwerezabwereza mpaka kuzimirira. Imeneyo ndiyo dub. Anyamata amene anaphunzira pamapazi ake, Philip Smart, Prince Jammy ndi Scientist, anadzakhala akatswiri paokha. Nyimbo zambiri za Tubby zinali kuseri kwa tizimbale ting'onoting'ono, dzina lake osalembedwapo. Chimbale chachiwiri cha Blood and Fire, Dub Gone Crazy, chinasonkhanitsa zina mwa izo, ndipo anthu amene ankavina nyimbo za techno ndi jungle ku Ulaya anamva ndi makutu awo kumene njira zambiri zimene ankazikonda zinachokera.

Kenaka panabwera Pick a Dub cha Keith Hudson cha mu 1974, chimodzi mwa zimbale zoyambirira za dub, mwini wake atamwalira kale mu 1984. Panabweranso Social Living cha Burning Spear cha mu 1978, King Tubby's Prophesy of Dub cha Yabby You, ndi In the Light cha Horace Andy pamodzi ndi dub yake yosakanizidwa ndi Prince Jammy. Pofika 1995 ogula anali atazindikira kuti chimbale chikakhala cha Blood and Fire, ungagule ngakhale woimbayo sunamumvepo.

Mmene chimbale chinkapangidwira

Chikhulupiriro chimenechi chinabwera chifukwa cha ntchito yosaoneka imene inkachitika chimbale chisanafike m'sitolo. Choyamba kunali kupeza mwini nyimbo, kaya ali ku Kingston, ku London, ku New York kapena ku Toronto, n'kugwirizana naye polemba. Chachiwiri kunali kufufuza tepi yeniyeni imene nyimbo inajambulidwapo. Tepi ikapezeka, zinthu zinkaphweka. Ikasowa, ankasakasaka kwa anthu osunga zimbale mpaka apeze kope losakalika kwambiri, n'kulipititsa kwa akatswiri oyeretsa mawu pakompyuta. Njira ya CEDAR, imene inapangidwa ku Cambridge, inkachotsa kuthetheka ndi phokoso la singano popanda kupha nyimboyo. Apa pamafunika khutu losamala, chifukwa ukayeretsa mopitirira umachotsanso kulemera kwa besi, ndipo reggae yopanda besi ndi yakufa. Kevin Metcalfe, katswiri wa ku London wokonza mawu komaliza chimbale chisanadindidwe, anagwira ntchito pa zimbale zambiri za kampaniyi.

Chachitatu chinali chikuto. Ntchito imeneyi anaipereka kwa kampani yojambula zithunzi ya Intro, makamaka Mat Cook. Iwo anakana chizolowezi choika mtengo wa kanjedza, tsamba la chamba ndi mitundu itatu ya chirasta pachikuto chilichonse. Ankapanga zinthu ndi manja, za matabwa, malata, mawaya ndi penti, n'kuzijambula, moti chikuto chinkaoneka ngati chikwangwani cha m'misewu ya Kingston koma chopangidwa ndi mmisiri wodekha.

Chachinayi chinali kabuku ka mkati. Barrow ankalemba mbiri ya woimba, chaka cha nyimbo iliyonse, situdiyo, injiniya ndi mayina a oimba zida. Zambiri mwa izi zinali zisanalembedwe paliponse. Ankazipeza pocheza ndi eni ake, kufunsa uyu n'kukatsimikiza kwa uja. Mwa njira imeneyi anthu monga Carlton "Santa" Davis wa ng'oma, Earl "Chinna" Smith wa gitala, Robbie Shakespeare ndi Aston "Family Man" Barrett a besi, anaonekera mayina awo pa nyimbo zimene anaziimba zaka 20 m'mbuyomo.

Chachisanu, chimene chinapatsa kampaniyi mbiri yabwino ku Jamaica komweko, chinali ndalama. Oimba a kumeneko anali atazolowera kudyeredwa masuku pamutu. Blood and Fire inkatenga chilolezo kwa mwini nyimbo ndi kumulipira gawo lake malinga ndi zimbale zimene zagulitsidwa. Zimenezi zimamveka zachidziwikire, koma pamsika wa reggae yakale wa nthawi imeneyo zinali zosowa.

Heart of the Congos

Mwa zimbale zonse za kampaniyi, chimene chinamveka kutali kwambiri ndi Heart of the Congos, chotulutsidwanso mu 1996. Mbiri yake ikusonyeza bwino mmene chinthu chamtengo wapatali chimatha kukwiririka.

Gulu la The Congos linayamba ndi anthu awiri: Cedric Myton wa mawu ang'ono okwera kwambiri, ndi Roydel Johnson, wodziwika kuti Ashanti Roy, wa mawu apakati. Mu 1976 ndi 1977 anajambula nyimbo zawo ku Black Ark, situdiyo imene Lee Perry anamanga kuseri kwa nyumba yake ku Washington Gardens. Perry anawonjezerapo munthu wachitatu, Watty Burnett, wa mawu aakulu apansi. Makina a Perry ankajambula njira zinayi zokha za mawu, pomwe masitudiyo akuluakulu anali ndi 16 kapena 24. Kuti akwanitse kuika zonse zimene ankazimva m'mutu mwake, ankaphatikiza njira zingapo n'kuziika pa imodzi, kenaka n'kujambulanso pa zimene zatsala, mobwerezabwereza. Chimene ena akanachiona ngati kuperewera chinabala kamvekedwe kothithikana, kakuya, koti mpaka lero anthu a makina apamwamba amalephera kukatengera. Ernest Ranglin analiza gitala, Boris Gardiner besi, ndipo Gregory Isaacs, The Meditations ndi mamembala a The Heptones anapolokozera. Kulira kwa ng'ombe kumene kumamveka m'nyimbo ya Children Crying ndi mawu a Burnett akuombera m'kachubu ka katoni.

Nyimbo za chimbalechi ndi za Baibulo ndi za umphawi: asodzi opalasa bwato kuti ana adye, likasa la chipangano, Sodomu ndi Gomora. Nthawi imeneyo Perry ankagwira ntchito ndi Island, kampani ya Chris Blackwell, imene inali itatulutsa zimbale za ku Black Ark monga War ina Babylon cha Max Romeo ndi Police and Thieves cha Junior Murvin. Island sinatulutse Heart of the Congos. Chimbalecho chinatuluka ku Jamaica mu 1977 m'makope ochepa, ndipo ubale wa Perry ndi Island, komanso wa Perry ndi gululo, unasokonekera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 gulu la ku Birmingham la The Beat linachitulutsako ku Britain pa kampani yake ya Go-Feet, koma sichinakhalitse m'masitolo. Kwa zaka zambiri chinali chimbale chongomveka mbiri.

Blood and Fire inachitulutsa pa ma CD awiri, yoyamba ya nyimbo za chimbalecho, yachiwiri ya nyimbo zina ndi masakanizidwe ataliatali a nthawi yomweyo. Manyuzipepala a nyimbo amene sankalemba kawirikawiri za reggae anachitamanda, ndipo chinayamba kupezeka pamindandanda ya zimbale zabwino kwambiri za m'zaka za m'ma 1970. Anthu anayambanso kufuna The Congos pamasiteji. Atatuwo anadzagwirizananso, n'kuyenda m'mayiko akuimba nyimbo zimene anajambula ali anyamata. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amafunika wina wowasunga kuti agonere bwino.

Amene dziko silinkawadziwa

Kutulutsanso chimbale chimene chinalipo kale ndi ntchito ina. Ntchito yovuta kuposa pamenepo inali yopanga chimbale kuchokera ku tizimbale tomwazikana ta munthu amene dziko silinamumvepo. Apa ndi pamene luso la Barrow linaonekera kwambiri.

Chitsanzo chabwino ndi Yabby You, dzina lake lenileni Vivian Jackson, wobadwa mu 1946. Anakulira mu umphawi wadzaoneni, ndipo ali wachinyamata anadwala chifukwa chosowa zakudya mpaka miyendo inalumala, moti ankayendera ndodo moyo wake wonse. Anali ndi tsitsi lachirasta ndipo ankakhala pakati pa marasta, koma sankavomereza zoti Haile Selassie ndi Mulungu. Iye ankakhulupirira Yesu, ndipo anzake ankamutcha Jesus Dread. Mu 1972 anajambula nyimbo ya Conquering Lion ndi ndalama zimene anazipeza movutikira, ndipo kuchokera pamenepo anakhala pulodyusa wa nyimbo zake ndi za achinyamata monga Wayne Wade ndi Michael Prophet. Mu 1997 Blood and Fire inatulutsa ma CD awiri otchedwa Jesus Dread 1972–1977. Anasanja nyimbozo motsatira riddim: woimba ayambe, deejay atsatire, kenaka lipenga la Tommy McCook, pomaliza dub ya Tubby. Womvera ku Tokyo kapena ku Paris, amene sanapondepo pa dansi ya ku Kingston, ankatha kumva mmene riddim imodzi imasinthira nkhope m'manja mwa anthu osiyanasiyana.

Anachitanso chimodzimodzi ndi Freedom Sounds, kakampani ka Bertram Brown ka m'dera la Greenwich Farm, potulutsa nyimbo za Prince Alla ndi ma dub ake. Anatulutsa Termination Dub cha Glen Brown ndi King Tubby, Children of Jah cha nyimbo za kampani ya Phase One ya Roy Francis, ndi bokosi la ma CD atatu la Big Youth lotchedwa Natty Universal Dread. Mu 2001 anatulutsa Darker Than Blue, chosonyeza mmene oimba a ku Jamaica ankatengera nyimbo za soul za anthu akuda a ku America n'kuziveka malaya a reggae. Motero kampani yaing'ono ya ku Manchester inakhala nkhokwe ya timakampani tambiri ta ku Kingston timene tinali titafa kale.

Sanakhutire ndi ma CD okha. Nyimbozi zinapangidwira masipika ndi anthu ovina, ndiye Barrow ndi Sotgiu anayambitsa sound system ya Blood and Fire, imene inkayenda m'mayiko pamodzi ndi ma deejay akale monga Ranking Joe ndi U Brown. M'zaka zomalizira anayesanso kulumikiza mibadwo. Tree of Satta cha mu 2004 chinasonkhanitsa oimba akale ndi atsopano pa riddim ya Satta Massagana ya The Abyssinians, ndipo Fisherman Style cha mu 2006 chinachita zomwezo pa riddim ya Fisherman ya The Congos, pomwe panamveka U-Roy, Big Youth, Horace Andy, Sugar Minott, Luciano ndi ena.

Kugwa

Kampani yaing'ono yotulutsa nyimbo imalowetsa ndalama zambiri isanalandire kalikonse. Imalipira mwini nyimbo, oyeretsa mawu, ojambula chikuto, osindikiza kabuku ndi fakitale yodinda ma CD. Kenaka imapereka katunduyo kwa kampani yogawa, imene imamufikitsa m'masitolo ndi kulipira patapita miyezi. Ma CD osagulidwa amabwezedwa. Zili ngati mlimi amene wapereka zokolola zake zonse kwa wogula mmodzi pangongole: wogulayo akagwa, mlimi wataya mbewu ndi ndalama zomwe.

Kuyambira 1999, pamene Napster inayamba, anthu anazolowera kutenga nyimbo pa intaneti osalipira. Malonda a ma CD anayamba kutsika chaka ndi chaka. Masitolo anatsekedwa, ndipo mu 2006 Tower Records, imene inkasunga zimbale za makampani ang'onoang'ono m'mizinda yambiri ya ku America, inagwa. Blood and Fire inavulala pawiri. Chimene inkagulitsa chinali chinthu chogwirika, chokhala ndi chikuto ndi kabuku, ndipo zonsezi zimatayika nyimbo ikasanduka fayilo. Komanso ena mwa makampani amene ankagawa katundu wake kunja kwa Britain anagwa. Mu 2007 inasiya kutulutsa zimbale.

Mu 2014 dzinali linadzutsidwanso mogwirizana ndi VP Records ya ku New York, kampani imene inayambitsidwa ndi Vincent ndi Patricia Chin, eni sitolo ndi situdiyo ya Randy's ku Kingston. Zimbale zina zinatulukanso, koma nyengo ya kampani yoima payokha ya ku Ducie House inali itatha.

Zimene inasiya

Pali mafunso awiri amene munthu wokonda nyimbozi sayenera kuwazemba. Loyamba ndi lakuti, bwanji ntchito yosunga chuma cha Jamaica inachitikira ku Manchester? Yankho lili m'thumba. Ogula ma CD okwera mtengo anali ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Ku Kingston msika unkafuna nyimbo ya sabata ino, ndipo pulodyusa wovutika analibe ndalama zoyeretsera tepi ya mu 1975. Britain nayo inali kale mudzi wachiwiri wa reggae chifukwa cha anthu a ku Caribbean amene anasamukirako nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, n'kukhazikika m'madera monga Brixton ku London, Handsworth ku Birmingham ndi Moss Side ku Manchester komweko. Anthu ngati Barrow ndi Hucknall anadziwa nyimbozi chifukwa cha masitolo ndi madansi a anthu amenewa.

Funso lachiwiri ndi la amene ankalandira ndalama. Pamene woimba anali pulodyusa wa nyimbo zake, monga Yabby You kapena Big Youth, malipiro ankapita kwa iye. Pamene tepi inali ya pulodyusa wina, mwini pangano anali pulodyusayo, ndipo woimba ng'oma amene analipidwa kamodzi mu 1975 ankangopeza dzina lake m'kabuku. Kampani ya ku England sikanatha kukonza mapangano onse amene anachitika pakamwa zaka 20 m'mbuyomo. Chimene inatha kuchita ndi kukana kuwonjezera kuba kwina pamwamba pa kuba kwakale, ndipo inachitadi.

Inakwezanso muyezo. Pressure Sounds, imene inayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, Soul Jazz ndi zimbale zake za Studio One, komanso anyamata a Basic Channel a ku Berlin amene anatulutsanso nyimbo za kampani ya Wackies ya ku Bronx, onse anagwira ntchito pamsika umene ogula anali atazolowera kufunsa za kamvekedwe, za mayina ndi za chilolezo. Lero chimbale cha reggae yakale chopanda chaka ndi mayina a oimba zida chimakayikitsa, pomwe mu 1990 chinali chinthu wamba.

Chachikulu koposa n'chakuti ntchitoyi inachitika pa nthawi yake. I-Roy anamwalira mu 1999, patangopita zaka ziwiri Blood and Fire itatulutsa chimbale cha nyimbo zake. Dennis Brown ndi Augustus Pablo anapita chaka chomwecho. Yabby You, Sugar Minott ndi Gregory Isaacs anamwalira mu 2010, Glen Brown ndi Jah Stitch mu 2019, Bunny Lee mu 2020, U-Roy ndi Lee Perry mu 2021. Pakati pa 1993 ndi 2007 ambiri mwa anthuwa anali moyo. Ankatha kutsegula katoni n'kuloza tepi, kukumbukira amene analiza besi tsiku lakuti, kusaina pangano ndi kulandira ndalama m'manja mwawo. Tepi ikhoza kuyeretsedwa ngakhale patapita zaka 50, koma funso lakuti ndani anaimba nyimbo iyi liyenera kufunsidwa woyankha akadali moyo. Blood and Fire inafunsa nthawi isanathe, inalemba mayankho, ndipo inalipira eni nyimbo.